Laputopu ya Kasitomala Wopanda Lisiti

Pamsewu wonsewo panalibe amene sankawadziwa a Katswiri. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, ndipo iwo sanalikane, anachita kulilembetsa ndi penti yofiira pachikwangwani cha shopu yawo yokonzera makompyuta. Moyang'anizana nawo, kungodumpha khonde, panali shopu ya mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo. Mayiyu anaphunzira ntchitoyi kwa iwo kwa zaka zinayi, ndipo chaka chatha anatsegula yakeyake.

Lachiwiri lina m'mawa, disiki ya laputopu ya a Katswiri eni ake inafa. Sizinawadetse nkhawa. Anaikamo yatsopano uku akuimba mluzu. Koma atafuna kuiuza laputopuyo kuti iyambe kugwira ntchito kuchokera pafulashi disiki, inawafunsa pasiwedi. Sinali ya masiku onse ija ayi, koma yamkati mwenimweni, imene amisiri amati ya bayosi, yotseka makonzedwe a makinawo. Anaiika okha zaka ziwiri zapitazo, tsiku lomwe anagula laputopuyo.

Analemba tsiku lawo lobadwa. Inakana. Analemba dzina la mwana wawo woyamba. Inakananso. Atayesa dzina la timu yawo ya mpira, laputopu inangolira kuti tii, n'kuuma gwa.

Mluzu unathera pomwepo. Anamasula timasikulu n'kuchotsa kabatire kozungulira ngati batani la jekete, kamene m'makina akale ukakachotsa zonse zimaiwalika. Anadikira mpaka kumaliza kapu ya tiyi. Atakabwezera n'kuyatsa, funso lija linali likadali pompo, ngati mlonda watsopano wokaniza mwini nyumba kulowa.

Chofunika ankachidziwa. Malaputopu a masiku ano amasunga pasiwediyo m'kachipu, kachipangizo kakang'ono ka mkati mwa makinawo, ndipo pamafunika kachida kokhala ndi kopanira kuti uwerenge ndi kulemba m'kachipumo. Pamsewu wonse, kachida kameneko anali nako ndi munthu mmodzi yekha, mlamu wawo uja. Tsono tsiku limene mlamuyo anakagula, a Katswiri anaseka mpaka misozi, amvekere, "Wagula chopanira zovala chamagetsi?"

Anazungulira tebulo katatu. Kenako anapukuta laputopu ija, n'kuikulunga m'jumbo ngati yachilendo, n'kudumpha khonde.

"Alamu anga eni ake!" anatero mayiyo akuvula magalasi. "Lero dzuwa latulukira kuti?"

"Pali kasitomala wina apa, waiwala pasiwedi ya bayosi. Ine ntchito yandichulukira, ndiye ndati ndikugawireko."

Mlamuyo anasuzumira kushopu kwa a Katswiri. Munalibe ngakhale ntchentche. Anatulutsa laputopu ija n'kuitembenuza, ndipo pakona anaona chipsera chimene anachiika yekha ndi chitsulo chowotcherera mawaya adakali kwa a Katswiri. Analuma mlomo.

"Lisiti ali nalo?"

"Lisiti la chiyaninso?"

"Si munandiphunzitsa ndinu? Osatsegula loko wa munthu usanaone umboni woti katunduyo ndi wake. Nanga ikakhala yakuba?"

"Ndimamudziwa ameneyu. Ndi munthu wokhulupirika."

"Koma munthu kuiwala chinthu choti anaika yekha? Ndi nkhalamba eti?"

"Nkhalamba ndani?" a Katswiri anakweza mawu, kenako n'kutsokomola. "Ndi wa msinkhu wabwinobwino. Wanzeru ndithu. Kungoti m'mutu mwake muli zambiri."

"Muimbireni foni ndimve mawu ake."

A Katswiri anayang'ana kudenga. Anayang'ana nsapato zawo.

"Ndi yanga," anatero motsitsa.

"Mwati bwanji? Fani iyi imasokosa."

"Ndati ndi yanga, iwe!"

Mayiyo anaseka mpaka kugwira tebulo, moti a Katswiri nawonso anayamba kuseka, poti nanga akanatani. Atapukuta misozi, mlamuyo anawakokera mpando n'kuwapatsa tochi.

Anatsegula pansi pa laputopu, n'kuchotsa batire, n'kupeza kachipu ka timiyendo tisanu ndi titatu. Kopanira kaja kanaterereka kawiri, kachitatu kanagwira. Choyamba anakopera zonse za m'kachipumo n'kuzisunga kawiri, kuopa kuti zingavute. Kenako anafufuta malo okhala pasiwedi n'kulembanso zotsalazo mmene zinalili.

"Tochi mutsitse pang'ono, alamu. Dzanja lisanjenjemere."

A Katswiri anamvera bwinobwino. Ankayang'anitsitsa zala za mlamu wawo zikuyenda mosapupuluma, ndipo mumtima anavomereza kuti mayiyu ntchito anaigwira, mwinanso kuposa amene anamuphunzitsa. Pakamwa anangoti, "Ee, ndi momwemo. Inenso ndikanatero."

Atabwezera timasikulu, anayatsa. Sikirini inachedwa kuwala. Kenako makonzedwe onse anatseguka, osafunsa kanthu.

Asanathokoze n'komwe, foni yawo inalira. Anali akazi awo. Mlamuyo, amene anali atangobisa foni yake m'thumba, anayamba kupukuta tebulo loyerayera, nkhope ili kumbali.

"Bambo a ana, ndamva kuti mwadzitsekera panja," anatero mayi a kunyumba, mawu ali odzaza ndi phwete. "Bwanji osandifunsa? Tsiku lija munandilembera pasiwediyo kuseri kwa chithunzi chathu chaukwati, mumvekere ndisunge."

A Katswiri anatseka maso. "Ndinalemba chiyani?"

"Dikirani ndichotse pakhoma." Kunamveka kukhuluza kwa mpando. "Mwalemba kuti *sindingaiwale*. Zilembo zazing'ono zonse."

Mlamuyo, amene anamva zonse, anakhala pansi pasimenti akufa ndi phwete. Telala wa shopu yoyandikana anasuzumira, tepi ili m'khosi, kufunsa ngati kwagwa zotani.

"Palibe," anatero a Katswiri akupanira laputopu m'khwapa. "Timakambirana za ntchito."

Madzulo asanatseke, anatumiza botolo la chakumwa chozizira kutsidya kwa khonde, ndi kapepala kofunsa komwe amagulitsa kachida kaja.