Mbali Imene Zikani Anadula

Zikani ankanyamula makatoni pa weyahausi ina yosungiramo katundu ku Malaga, dera la mu mzinda wa Perth, ndipo masiku amene sanali pa ntchito ankapita ku koleji kukaphunzira kukonza mavidiyo. Ena ankajambula, ena ankafunsa mafunso, iye n'kulandira zonse zili chipwirikiti kuti adule apa, alumikize apo, mpaka zimveke ngati anthuwo analankhula osapunthwa. Anali akadali mlendo pa ntchitoyi, koma manja anali nawo.

Chigawo china cha maphunzirowo aphunzitsi awo, a Christine, analamula kuti gulu lililonse lipange podikasiti ya vidiyo yonena za bungwe la anthu olemba mafilimu, lija limamenyera kuti wolemba dzina lake lizioneka pa zimene walemba. Debbie, mnzake wa m'gulu, mtsikana wa ku Perth komweko wosaumitsa pakamwa, ndiye anakacheza ndi membala wina wa bungwelo. Pomupatsa Zikani fayilo anamuuza kuti wapeza mayi wa ku Africa wochititsa chidwi, mwina angamudziwe. Zikani anangoseka. Azungu ena amayesa Africa yense ndi mudzi umodzi, anthu ake amabwerekana mchere.

Anavala mahedifoni n'kutsegula fayiloyo. Kuseka kunathera pomwepo. Pampando, chikwama chili pamiyendo monga amakhalira ku tchalitchi, panali mayi Msaiwale.

Zikani atangofika ku Perth, asakudziwa ngakhale pokwerera sitima, banja la a Msaiwale ku Cannington ndi limene linamusunga. Mayi, omwe ankasamalira okalamba, ankamusiyira chakudya mu filiji akamapita ku ntchito. Bambo, mkulu wa mpingo, ndiwo anamupezera ntchito ku Malaga. Ndipo Mmalawi aliyense mu Perth ankadziwa kuti bambo Msaiwale ndiwo ankalemba masewero aja a pa wailesi amene kalelo anthu kumudzi ankasiya mbale zosatsuka kuti amvere. Pa phwando lililonse sipankalephera wina wowapempha kuti afotokoze mmene ankalembera. Iwo ankayamba akana pang'ono, kenako n'kumasula tayi. Nthawi imeneyo mayi amakhala ali kukhitchini.

Mu vidiyomo Debbie anayamba ndi kufunsa dzina. Mayi anati Annastazia. Zikani anachita manyazi yekha: nthawi yonse ija anadya m'nyumba mwawo, dzina limeneli anali asanalimvepo. Kenako Debbie anafunsa chimene chinawalowetsa m'bungwe la olemba. Mayi anakhala chete nthawi yaitali moti Zikani anayesa kompyuta yaima. Atatsegula pakamwa, Chingerezi chinawathawa.

“Masewero onse aja ndinalemba ndine.”

Anabwerezanso m'Chingerezi kuti Debbie amve, n'kufotokoza pang'onopang'ono. Ankalemba pa nthawi yopuma akugwira ntchito ku chipatala ku Lilongwe. Amuna awo ndiwo ankakapereka ku wailesi chifukwa ankagwira ntchito chapafupi. Ulendo woyamba a kumeneko anangoganiza kuti wolemba ndi amene wabweretsayo, ndipo bambowo sanawakonze. Kunyumba anati palibe vuto, mwamuna ndi mkazi ndi thupi limodzi. Zinapitirira choncho mpaka masewero anatha, dzina n'kukhala la bambo. Tsopano mayi anali atalemba kafilimu kakafupi, ndipo ankafuna kuona dzina lawo maso asanachite chidima. Anamaliza ndi kunena kuti zimenezi sanauzepo munthu, ngakhale ana awo.

Zikani anavula mahedifoni ngati amuwotcha. Anayang'ana uku ndi uku m'kalasimo, koma aliyense anali pa kompyuta yake. Anabweza vidiyoyo, kumvetseranso, mwina makutu amunamiza. Mawu anali omwewo. Mutu unaima, ndipo anakhala pamenepo kukamwa kuli yasa mpaka sikirini inazima yokha.

Lamulungu ku tchalitchi Zikani anaona bambo Msaiwale akutsogolera pemphero, mawu ali gwa. Anakwiya nawo, kenako anawamvera chisoni, kenako anachita mantha. Amalawi a ku Perth ndi ochepa. Nkhani ikalowa pa WhatsApp m'mawa, pofika masana imakhala yafika ku Area 25. Bambo amene anamutola ali kakasi pa bwalo la ndege adzayenda bwanji pakati pa anthu? Nanga banjalo likapasuka, sadzati anapasula ndi Zikani, mwana amene anamusunga?

Kufunsa mayi kunali kotheka, Cannington si kutali. Koma mwana angayambe bwanji nkhani yotere kwa munthu amene amamutcha mayi?  Ndiye anachita zimene ambiri timachita mantha akatigwira, anawaveka mantha akewo dzina la ulemu. Anadziuza kuti mayi kamera saidziwa, pakamwa panangowaterereka, mawa adzanong'oneza bondo. Nyumba ya mwini saotchera mbewa.

A Christine anali atawaphunzitsa kuti ukadula munthu pakati pa mawu chithunzi chimadumpha, ndipo woonera amazindikira. Mankhwala ake ndi kuika pamalopo nkhope ya wofunsa mafunso akugwedeza mutu, chilonda n'kubisika. Zikani anadula mbali yonseyo, kuyambira pa chete uja mpaka pa ana. Pakati anaikapo Debbie akugwedeza mutu. Tsopano mayi akafunsidwa chimene chinawalowetsa m'bungwe, ankayankha kuti amakonda nthano kuyambira ali mwana, mawu amene anawanena cha kumapeto. Zinalumikizana bwino zedi moti iye mwini anadabwa.

Kunatsala kulemba dzina m'munsi mwa chithunzi. Analemba Annastazia, n'kuliyang'ana. Linkaoneka ngati chipongwe, ngati wawaitana mayi ake omubala ndi dzina pa msika. Anafufuta, n'kulemba Mrs Msaiwale, ndipo pamene mayi anatchula dzina lawo anadulaponso. A Christine, omwe fayilo yoyamba sanaione, anamuyamikira pamaso pa kalasi kuti dzanja lake silisiya mapazi. Debbie anali atapanikizika ndi mayeso ena, anangoti akumukhulupirira.

Tsiku loonetsa mavidiyo linali Lachisanu masana, ndipo alendo onse amene anafunsidwa mafunso anaitanidwa. Zikani ankaganiza kuti mayi abwera okha kapena sabwera n'komwe. Chitseko chinatseguka. Mayi analowa atavala diresi latsopano, pambuyo pawo pali bambo mu suti. Bambo amene amapereka moni womveka tsidya lina la msewu, tsiku limenelo anangokweza dzanja, n'kukhala pansi. Anavula jekete ngakhale m'chipindamo munali mozizira.

Vidiyo yawo itayamba, Zikani sanayang'ane sikirini, ankayang'ana mayi. Funso lija litayandikira anawaona akuwongola msana, manja atafinya chikwama. Debbie anafunsa. Nkhope ya Debbie inagwedeza mutu. Mayi a pa sikirini anati amakonda nthano kuyambira ali mwana.

Mayi a pampando anaweramira kutsogolo. Anadikira, mwina poganiza kuti mbaliyo yasunthidwira kumapeto. Anadikirabe mpaka nyimbo yotsekera inalira, maina a ophunzira n'kuyamba kukwera, la Zikani lili pomwepo. Anthu anawomba m'manja. Debbie anatembenuka, maso ali tong'o, nkhope itafiira.

Zikani anathawira pakhonde, koma bambo Msaiwale anamupeza. Anamugwira dzanja ndi manja onse awiri, ndipo manjawo anali onyowa.

“Anandiuza m'galimoto tikubwera,” anatero motsitsa mawu. “Ati lero anthu amva. Ndakhala pamenepo ngati wodikira chigamulo. Wandiveka, mwana wanga. Makolo ako anakulera bwino.”

 Penapake mumtima Zikani ankayembekezabe kuti mwina mayi anakokomeza, mwina bambo ali ndi mbali yawo. Koma bambo sanakane kanthu, ankangothokoza. Anamusisita paphewa n'kutsika masitepe kupita koimika magalimoto, akuyenda mopepuka.

Mayi anatuluka pambuyo pa anthu onse. Sanakweze mawu, ndipo bwenzi zili bwino akanakalipa. Anamuuza kuti mawu amene aja anawayeserera masabata ambiri ali m'basi popita ku ntchito, kuti kunyumba anayesapo kuyambitsa nkhaniyo kangapo koma imathera pa vesi la m'Baibulo. Ankafuna anene ali pamalo pamene palibe angawadule mawu. Atamva kwa Debbie kuti wokonza vidiyo ndi Zikani anagona tulo tabwino, poganiza kuti ili m'manja mwa mwana wa m'nyumba.

Zikani anayamba kulankhula mofulumira. Fayilo yoyamba ilipo, palibe chatayika, akhoza kubwezeretsa zonse lero lomwe, akapempha a Christine kuti aonetsenso.

“Kuti bambo ndiwakokerenso kuno kachiwiri?” mayi anafunsa. “Mphamvu zimenezo ndinali nazo kamodzi.”

Anamuyang'ana kwa kanthawi, osati mwaukali koma ngati akumuona koyamba.

“Dzina langa unalimva?”

“Eya, mayi.”

“Tandiuza.”

Zikani anatsegula pakamwa. Dzinalo linali pa lilime, chilembo chilichonse ankachidziwa. Koma anali ataima pamaso pa munthu wamkulu, maso ali pansi, manja atawagwira kumbuyo monga anaphunzitsidwira, ndipo dzinalo linakana kutuluka.

“Mayi,” anatero, n'kuthera pomwepo.

Mayi anadikira pang'ono. Kunja hutala ya galimoto inalira. Anabwerera m'kalasimo, anatenga jekete limene bambo analiiwala pampando, analipinda bwinobwino pamkono, n'kutsika masitepe.