Amayi a Gulu Lodikira

Sylvester anakhuthulira chikwama cha Joanna pabedi, chifukwa a kunyumba yachisoni anali atanenetsa kuti popanda pasipoti mtembo sukwera ndege. Munatuluka makiyi, chipeso, kabotolo ka mankhwala a mphumu kamene kanalephera ntchito yake tsiku lija, ndi zidutswa za choko. Panalibe choko chathunthu ngakhale chimodzi. Chilichonse chinali chothyoka pakati, ndipo fumbi lake linayeretsa bulangete.

Chokochi anakangana nacho zaka zonse za ukwati wawo. Ankachipeza m'matumba a madiresi, m'galimoto, ngakhale m'kabati ya mbale. Ankamuseka mkazi wakeyo kuti munthu wophunzira chonchi akulephera kusunga choko chimodzi chosathyoka. Lero anangochiyang'ana.

"Alamu, mwaipeza?"

Anali a Blackson, achimwene ake a Joanna, amene anafika dzulo lake kuchokera ku Ntcheu kudzatenga mlongo wawo. Chifikireni sanakhale pansi. Ankangozungulira m'nyumba ya ku Nairobi ija ngati nkhuku yofuna poikira.

"Wolemba pakachitsulo ka pabokosi waimbanso," anatero. "Akuti timuuze mawu. Ine ndamuuza kuti Dokotala Joanna Kalilangwe. Akuti ayi, atsimikize amuna awo. Mukuzengereza chiyani?"

"Digiriyo sanapatsidwe, alamu. Anali asanamalize."

"Mesa munanena nokha kuti munthu akamwalira atatsala pang'ono, sukulu imapereka? Kumudzi konse akudziwa kuti kukubwera Dokotala. Ine ndinasiya sukulu sitandade fayifi kuti iyeyu apitirire. Musandichititse manyazi pamanda."

Sylvester anapitiriza kufufuza m'chikwamamo. Pasipoti anaipeza m'kathumba ka m'mbali, nayonso itayera.

Masana kunabwera a Pulofesa Nyambura, mayi wa ku Kenya amene ankayang'anira kafukufuku wa Joanna. Pabalaza panali podzaza ndi Amalawi, ena a m'maofesi a ku Upper Hill komwe Sylvester ankagwira ntchito, ena ana a sukulu obwera kudzaimba nyimbo zamaliro. A Pulofesa anapepesa, nakhala pang'ono, kenako anakodola Sylvester kuti apite pakhonde.

Kafukufukuyo Sylvester ankamudziwa ngati mmene mwamuna amadziwira ntchito ya mkazi wake, pamwambamwamba. Joanna anali ndi njira yake yophunzitsira akuluakulu kuwerenga. M'malo mwa timabuku ta ana, ankayambira pa mawu amene munthu amadyera: wogulitsa makala ayambe ndi makala, wochapa ayambe ndi sopo. Kuti atsimikize kuti njirayo ikugwira, anasonkhanitsa amayi osadziwa kuwerenga a ku Kangemi, dera la anthu osauka mumzindawo, nawagawa pawiri mwa mayere. Gulu lina liphunzire pompo, lina lidikire mpaka kafukufuku atatha. Pamapeto onse alembe mayeso amodzi, ndipo kusiyana kwa magulu awiriwo ndiwo umboni.

"Vuto ndi lakuti kusiyanako kulibe," anatero a Pulofesa m'Chingerezi chawo chosamala. "Amayi odikira akuwerenga pafupifupi ngati ophunzirawo. Ngati anaphunzira okha, kwa ana awo kapena kwa anzawo oyandikana nawo, chimenecho ndi chinthu chachikulu chimene Joanna wapeza, ndipo ndisaina mawa lomwe kuti apatsidwe digiri. Koma ngati iyeyo anawaphunzitsako, kafukufuku yense wagwa. Sindingasaine."

"Iye anakuuzani chiyani?"

"Ndinamufunsa. Anati abwera tikambirane, koma ankangosinthasintha tsiku. Bambo Kalilangwe, kodi ku Kangemi ankapitako masiku ena, kupatula a kalasi?"

Sylvester anakumbukira za Loweruka. Loweruka lililonse Joanna ankati akupita ku laibulale, ndipo ankabwerako nsapato zili matope okhaokha. Iye sanafunsepo kuti laibulale yamatope imeneyi ili kuti.

"Sindikudziwa," anatero.

Mawuwo anamuwawa atangotuluka. A Pulofesa atapita, analephera kukhala pabalaza. Analowa kuchipinda, natuluka, natsegula firiji osadziwa chomwe akufunamo. Nyimbo zinkamusokosa. Kenako anatenga makiyi, nauza a Blackson kuti akukaona za mapepala.

Galimoto anaisiya pafupi ndi mlatho wa pa Waiyaki Way, pomwe msika wa Kangemi umasefukira mpaka mumsewu, natsika wapansi. Chiswahili chake chinali cha m'sitolo, chofunsira mtengo ndi kudandaula kuti wakwera. Komabe atangoti "Mwalimu Joanna", kutanthauza mphunzitsi, mayi wina wootcha chimanga anasiya mbaula yake namulondolera ku katchalitchi ka malata. Kuseri kwake kunali mayi wamtali, wogulitsa makala m'zitini. Dzina lake anali Nekesa.

"Pole, baba," anatero Nekesa pomupepesa, atamva kuti ndi ndani. Anamukhazika pa benchi, namuyang'ana nthawi yaitali. "Tinamva. Timafuna kubwera, koma kwanu kuli geti ndi mlonda."

"Inu munali m'gulu liti, mayi?"

Nekesa anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wogwidwa.

"Lodikira. Tinatola timapepala m'beseni. Mnzanga amene timagawana naye khoma anatola ka kuphunzira, ine ka kudikira. Mwalimu anatifotokozera bwinobwino kuti si tsankho, ndi mmene kafukufuku amayendera, nthawi yathu idzafika. Tinavomera. Koma baba, kudikira kumavomerezeka pakamwa. Kalasi itayamba, ife tinkabwera kudzaima pawindo ili."

"Ndiye anakulowetsani?"

"Anatithamangitsa. Anatseka windo, mpaka anaikapo katoni. Anali ndi ukali mkazi wanu." Anapukuta manja pa nsalu. "Tsiku lina anandipeza panjira ndikupempha mwana wa eni kuti andiwerengere kapepala ka kuchipatala. Mwanayo anawerenga mokweza, anthu onse akumva matenda anga. Mwalimu anali ataima poteropo, akumva zonse. Loweruka lotsatira anabwera. Anati, musauze munthu, khalani pansi."

Sylvester anayang'ana windo lija. Chidutswa cha katoni chinali chikadalendewera pa msomali.

"Choko cha kafukufuku chinali chongokwanira gulu linalo," anapitiriza Nekesa. "Ndiye ankati akatenga chimodzi, thyo, china cha uko, china cha kuno. Pofika mayeso ife tinapangana kuti tilakwitse dala, timuteteze. Koma dzanja likadziwa limakana, baba. Ndiponso anatigwira. Anati amene alakwitse dala asadzamutchulenso mwalimu."

Apa mtima wa Sylvester unatentha, ndipo sikunali kulira, unali mkwiyo. Anakana ntchito yabwino ku Lilongwe kuti Joanna amalize. Ankamukalipira kuti bwanji mutu womaliza wa buku la kafukufuku wake sukutha, iye n'kumangoti mawa. Pomwe mkaziyo ankadziwa kuti nyumba imene akumangayo waigumula yekha maziko. Bwanji osamuuza? Yankho linabwera lokha, losakoma: akanamuuza, iye akanamuletsa. Sylvester anali munthu wa malamulo, wokhulupirira kuti mzere ndi mzere.

Amayi ena anali atayamba kusonkhana, wina ndi beseni la ndiwo zamasamba za sukuma, wina ndi mwana kumsana. Analankhulana mwachangu m'Chiswahili chimene iye sanachitole. Kenako Nekesa anatembenuka.

"Tamva kuti akuluakulu a kusukulu akufunsa. Musavutike. Abwere, tidzawauza kuti anatiphunzitsa ndi ana athu. Tidzati Mwalimu Joanna sitimudziwa, tinangomuona tsiku la beseni ndi tsiku la mayeso. Tonse tagwirizana. Apatsidwe chake."

Ananena mosavuta, ngati akumuwonjezera makala pa chitini. Sylvester anawayang'ana mmodzimmodzi. Kuti Joanna atchedwe Dokotala, amayi awa anayenera kuima pamaso pa anthu n'kukana kuti sanali mphunzitsi wawo. Anatsanzika, nabwerera kugalimoto.

Pobwerera anaphonya pokhotera, nazungulira mpaka ku Westlands. Anaimika galimoto, natulutsa foni, naibwezanso m'thumba. Palibe amene akanadziwa. A Pulofesa eniakewo ankafuna kusaina, zinkaoneka m'maso mwawo. Anafika kunyumba asanaimbe.

A Blackson anawapeza pa masitepe, akumudikira. Anawafotokozera zonse, osasiyako. Iwo anamvetsera atagwira chibwano.

"Ndiye vuto lili pati?" anafunsa. "Amayiwo avomera okha. Inu mwangokhala chete basi, zatheka."

"Likhala bodza, alamu."

"Bodza lake liti? Sanagwire ntchito? Sanafe akuthamangira zomwezi? Inu muli ndi mapepala anu, mukhoza kunyoza pepala. Ife kwathu ndi loyamba limeneli, ndipo mwina lomaliza. Mayi athu akudikira. Ndikawauze kuti mwana wawo analephera chifukwa chophunzitsa anthu ambiri? Zimveka zimenezo?"

"Sizimveka. Ngakhale kwa ine sizikumveka. Koma mwiniwake anawaletsa amayiwo kunama ali moyo. Ine ndikawanamitse atagona m'bokosi?"

"Ndinu mkamwini, alamu. Mtembowu ndi wathu."

"Ndi wanu, sindikukana. Pakachitsulopo lembani zimene mukufuna. Koma a Pulofesa ndiwauza."

Anaimba ali pomwepo, a Blackson akumva. Atamva zonse, a Pulofesa anati, "Ndimaganiza choncho. Zikomo pondiuza. Ndikanakonda mukanapanda kudziwa." A Blackson analowa m'nyumba, ndipo kuyambira pamenepo sanamulankhulenso mlamu wawo, ngakhale kumupatsira mchere patebulo.

Mwambo wotsanzika unachitikira m'kachapelo ka kunyumba yachisoni, m'mawa wa tsiku la ndege. Sylvester atayandikira bokosi, anaona kuti pakachitsulo palembedwa dzina lokha ndi zaka. A Blackson anali atakhala kutsogolo, nkhope ili kumbali. Kaya anagonja, kaya anangotopa, sananene.

Mapemphero atatha, antchito analowetsa bokosilo m'chibokosi china cha matabwa osapala, choyendera pandege, nayamba kukhoma. Ndi pamene anthu anazindikira kuti kumbuyo kwaima amayi achilendo, ovala zakutchalitchi, nsapato zili matope. Sylvester ndiye anawatumizira uthenga, nauza mlonda wa pamalopo kuti asawabweze. A Pulofesa anawayang'ana, ndipo anawazindikira.

Nekesa anabwera kutsogolo, napempha antchitowo kuti adikire. Anamasula mfundo ya pa nsalu yake natulutsa choko chatsopano, chathunthu. Asanalembe kanthu, anachigwira ndi manja awiri, thyo. Sanaganizeko n'komwe. Anangotambasula dzanja kupereka theka kwa munthu amene anali pafupi wopanda kanthu m'manja, ndipo munthuyo anali a Blackson.

Kenako anawerama, nalemba pa thabwa pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo: MWALIMU. Pansi pake analemba dzina lake, napatsira mnzake. Amayiwo anafola, aliyense kulemba lake, zilembo zina zopendama, zina zazikulu mopitirira, a Pulofesa akuonerera atagwira pakamwa.

A Blackson anali akadayang'ana kachidutswa kali m'dzanja lawo.

"Pensulo," anatero, osayang'ana munthu. Aka kanali koyamba kumulankhula Sylvester chikanganirane. "Ndinkamugulira pensulo yathunthu. Pobwera kusukulu ili theka. Ndinkamukwapula, alamu. Ndinkayesa amatafuna."

Anapukuta m'maso ndi mkono wa jekete. Mzere wa amayi utatha, anagwada pambali pa chibokosicho, nafunafuna malo pakati pa mayina a ku Kangemi, nayamba kulemba lawo.