Aliyense ndi Sipuni Yake

“Ngati mwaumirira kumupatsa ufawo, theka la sipuni yaing'ono basi, kamodzi patsiku. Mukapyola pamenepo mimbayi ifufuma, mudzabwera pompano mukulira.”

Namwino ananena mawuwa akulemba, osadzutsa mutu. M'kachipindamo munali akuluakulu atatu, koma amene anamva ndi make Tsabola yekha. Bambo a Tsabola anali pafoni, akukangana ndi munthu za geti limene anawotcherera mokhota. Achemwali awo, alamu ake a make Tsabola, anali atafukata chitini chobiriwira ngati khanda, akudikira mpata woti namwinoyo naye amugulitse.

Tsabola anali ndi zaka zitatu. Dzinali analipeza chifukwa cha pakamwa pake, koma chitupireni matumbo, ukali wonse unazilala. Ankatsegula m'mimba, nthawi zina ndi timagazi, ndipo chimfine chilichonse chodutsa mumsewu chinkakhotera kwa iye. Namwino anafotokoza kuti m'matumbo mwa munthu mumakhala tizilombo tabwino tosaoneka ndi maso. Tikadya mokwanira timatulutsa zinthu zoziziritsa matumbo, chitetezo cha m'thupi n'kupezako mphamvu. Chakudya chake n'chapafupi: nthochi, nyemba, anyezi, masamba. Ufa wa alamuwo ndi chakudya cha tizilombo tomweto, chongoikidwa m'chitini.

“Koma si mankhwala,” anatero namwino, akugogoda botolo ndi cholembera. “Mankhwala ndi awa. Asadumphe.”

Make Tsabola anazimva bwino, poti za tizilombo anaziphunzirako ku sekondale. Vuto linali loti ankakhala pakhomo pa apongozi ake, m'chipinda chakumapeto, ndipo pakhomopo mawu ake sankapitirira pachitseko cha chipindacho. M'mawa ankapita kukagwira ntchito kusaluni, mwana n'kutsala ndi agogo ake. Mankhwala a m'mawa ndi a madzulo ankamwetsa yekha. A masana ankasiyira apongozi, ndipo pobwera ankayamba wasuzumira botolo asanavule nsapato. Linkatsika bwinobwino.

Masiku oyamba zinthu zinayenda. Theka la sipuni m'phala, mwana n'kudya, n'kugona. Kenako mimba inayamba kulira ngati mpope umene madzi angosiya kutuluka. Inakula, inalimba, ndipo Tsabola ankayenda atapendekera kumbuyo ngati mayi wapakati. Timakabudula tochapa tinachuluka mpaka chingwe kuchepa.

Make Tsabola anasiya ufawo, osauza munthu. Mimba sinaphwe. Anachotsa nyemba. Anachotsa mkaka. Madzi akumwa anayamba kuwiritsa kawiri. Ankanunkhiza makapu, ankatsuka zidole ndi sopo, ankayang'ana m'kapoti ka chimbudzi cha mwana ngati wataya mphete. Kusaluni anawotcha kasitomala khutu ndi chowongolera tsitsi chifukwa cha tulo.

“Mlamu, udzafa ndi kuyang'anitsitsa,” ankatero alamu ake. “Maso ngati wapolisi wa pamsewu. Mwana akapuma iwe walemba kale mlandu.”

Loweruka masana akuyanika zovala kuseri kwa khitchini, anamva sipuni ikulira m'kapu. Anasuzumira pawindo. Apongozi anali atatsekula chitini chobiriwira, akutakasa tiyi.

“Imwa, mdzukulu wanga, amako asanabwere.”

“Agogo, ndakhuta. Ndamwa kale wa adadi.”

“Wa adadi uti?”

“Adadi amaika mu yogati. Azakhali amaika mu juwisi. Onse amati ndisauze amama.”

Chopanira zovala chinagwa m'manja mwa make Tsabola. Sanalowe nthawi yomweyo. Anamaliza kaye kuyanika, kenako anakakhala pabedi kudikira kuti onse afike.

Dzuwa litapendeka anawapeza pakhonde. Bambo a Tsabola anali akuchotsa girisi m'zala ndi kansanza, alamu akulemba maadiresi pa mapepala oitanira anthu, apongozi akusenda adyo. Make Tsabola anaika chitini pakati pawo. Chinalira ngati chopanda kanthu, chifukwa chinalidi pafupi kutha.

“Ndimafuna ndidziwe, amene akumupatsa mwana ufawu ndani?”

Onse anayang'ana chitinicho. Kenako bambo a Tsabola anatsokomola.

“Ine kasipuni kamodzi kokha, ndikamachoka. Ndimaona kuti theka lako lija n'lochepa. Iwe umayeza ngati ukugulitsa golide.”

“Inenso kamodzi,” anatero apongozi. “Chabwino, kawiri. Akamadzuka masana.”

Alamu anaphulika kuseka mpaka mapepala kugwa. “Ndiye tonse tinali madokotala! Ine ndimayesa ndili ndekha. Mwana wamwayi uyu, mlamu. Ena amagula ufawu movutika, uyu akusambira.”

“Namwino anati theka la sipuni.”

“Namwino amadziwa jakisoni. Ife tinachita maphunziro ake a ufawu, dzina lake mapulibayotiki, tinapatsidwa ndi satifiketi. Kufufumako ndiye kugwira ntchito kwake. Tizilombo tabwino tikumenyana ndi toipa, phokoso lingalephere?”

“Tizilomboto tikudya mopyola muyeso, alamu. Mpweya umenewo ndi umene ukumupweteka. Matumbo ake ndi otupa kale.”

“Mwamva sukulu ikuyankhula,” anatero apongozi, osasiya kusenda. “Ine ndalera ana asanu, make Tsabola. Palibe anafa ndi chakudya. Chimene chikanamupweteka ndi mankhwala anu owawa aja. Alamu anuwa anandiuza kuti mankhwala amapha tizilombo tabwino tomwe tikudyetsato. Tidyetse uku, tiphe uku? Ine a masana ndinasiya kalekale.”

Make Tsabola anayang'ana apongozi ake. “Koma botolo limatsika.”

“Ndimathira m'sinki. Ndimadziwa kuti mumayang'ana, ndiye sindimafuna muzidandaula. Mwaonda kale.”

Ananena mokoma mtima, ndipo chimenecho n'chimene chinamufooketsa make Tsabola. Akanakhala anthu oipa, bwenzi atakuwa. Koma apongoziwa ndi amene ankamusungira madzi otentha akachedwa kusaluni. Alamuwa ndi amene anamuperekeza kukachira. Onse ankamukonda Tsabola, aliyense ndi sipuni yake, aliyense mobisa.

Anatembenukira kwa amuna ake. “Bambo a Tsabola, munalipo tsiku lija. Nenani kanthu.”

Iwo anayang'ana zala zawo. “Chabwino, tamva. Tichepetsa. Koma nkhaniyi tiikambe Lolemba. Mawa kuno kubwera anthu.”

“Anthu ati?”

“Makasitomala anga,” anayankha alamu. “Msonkhano wa maumboni, pabalaza pompa. Tsabola ndiye mboni yaikulu. Ndili ndi chithunzi chake cha mwezi watha, ali nthiti zokhazokha. Aone lero mmene wadzazira! Amwa kapu imodzi pamaso pawo, basi. Ndamugulira ndi dilesi, lachikasu.”

“Si kunenepa kumeneko. Ndi mpweya.”

“Mawa lokha, make Tsabola,” anatero amuna ake, mawu ali pansi. “Achemwali atenga zitini zambiri. Tisawachititse manyazi. Tikukhala m'nyumba ya eni.”

Make Tsabola anatola chitini, kenako anachibwezera pomwe chinali. Kuchibisa kukanathandiza chiyani? M'chipinda cha alamu zinalimo zodzaza katoni.

Anakamusambitsa mwana. M'beseni, mimba inaoneka yonyezimira ngati mpira wopopa kwambiri, koma mikono inali yomwe ija, yopyapyala. Atamukhudza pamchombo, Tsabola anadzipinda.

“Amama, tiyi wa agogo amandiluma m'mimba.”

“Bwanji sumakana?”

“Akhumudwa.”

Make Tsabola anakhala chogwada, thaulo lili m'manja. Mwana amene ankatukwana ndi nkhuku zomwe, lero akumwa zomuwawa kuopa kukhumudwitsa akuluakulu. Anadziwa komwe anaphunzira khalidwe limenelo, ndipo sikunali kutali.

Anawerengera mumtima. Lolemba iye adzapita kusaluni. Amuna ake adzati achepetsa, n'kuthira pang'ono chifukwa cha chikondi. Apongozi adzamva chisoni mwana akachita tsinya ndi mankhwala. Maso ake awiri sangalondere manja asanu ndi limodzi. Achemwali ake enieni ankakhala kutsidya kwa tauni, kufupi ndi chipatala, m'chipinda chimodzi chokhala ndi mphasa yapadera. Basi yoyamba inkadutsa pamsewu waukulu kusanache.

Pa chakudya chamadzulo anadya mwaulemu, anachotsa mbale, anatsuka. Pokaanula zovala anatenga beseni lalikulu. M'besenimo, pansi, anaika botolo la mankhwala, khadi la kuchipatala, nsapato za mwana ndi nthochi ziwiri, pamwamba n'kuphimba ndi timakabudula touma. Palibe anafunsa. Kumuona atanyamula beseni inali nkhani ya tsiku lililonse.

Alamu anasuzumira pachitseko, dilesi lachikasu lili pamkono.

“Mlamu wanga wapolisi, usandikwiyire. Tandisitirako ili, iwe ndiye uli ndi dzanja labwino.”

“Bweretsani, alamu.”

Analisita mosamala, mapindo onse, ndi kariboni komwe. Analipachika pamsomali kuseri kwa chitseko, pamene aliyense wolowa m'mawa adzalione msanga. Kenako anakankhira beseni pafupi ndi bedi, anamwetsa Tsabola mankhwala a madzulo, ndipo anamugoneka atamuveka kale juzi ya paulendo.