Khutu la Kumanzere

1.
Mtsikana wina anafika osaitanidwa, atakoleka kachikwama kabuluu. Ndine Lonjezo, mayi, timayeza mphamvu ya mafunde a foni imene imalowa m'thupi. Amayankhula ndi ine, koma maso ali pa amuna anga, a Chisale, amene ankasoka pakhonde. Telala sayang'anidwa choncho.

2.
Khutu lawo la kumanja: makasitomala, abusa, achimwene awo a ku Joni.
La kumanzere: winawake.

3.
Kachipangizo konga bokosi la machesi. Anakapana pa kolala yawo, kumanzere.
Sanafunse mbali.

4.
Achemwali, kamamva mawu kameneka? ndinafunsa.
Ayi mayi, kamangoyeza mphamvu.
Nanga dzina la woimba?
Sikadziwa munthu.
Ndiye kali ngati ine.
Anaseka, kuseka kwa munthu wozolowera pakhomo pano.

5.
Iwe Esinati, ndinadziuza, chaka chonsechi wakhala ukuona khutu lija likutuluka thukuta kuseri kwa nyumba, ukumva mawu ofewa amene sanakuyankhulepo nawo chikwatirane, ukuchapa malaya, kununkhiza kolala, kusanthula matumba, osapeza kanthu, ndipo lero mtsikana wobwera dzana akudziwa mbali imene iwe unaidziwa ndi misozi

6.
Atabweranso anationetsa mizere pa kompyuta, yokwera ngati mapiri.
Apa foni inali pakhutu. Mphamvuyi ndi yochepa, bambo, musade nkhawa.
Ndinaloza phiri lalitali. Nanga apa?
Masana a Lachinayi.
Ine ndinali kuchigayo.
A Chisale anati ulusi watha, nathawira kugolosale.

7.
Foni anaiiwala pa makina. Mumtima ndinali nditamanga kale katundu wanga. Ndinaimba nambala ya Lachinayi ija.
Kachikwama kabuluu.
Kanalira.

8.
Sunafunse mbali, ndinamuuza.
Anagwada. Mayi anga anamwalira chaka chatha, ndi pamene ndinapeza nambala ya bambowa. Ntchitoyi ndi yoona, koma dera lino ndinachita kulipempha. Ndinkafuna kuona nyumba yawo. Ndi inu. Iwo akuti kukuuzani n'kukulasani pabala.
Anayang'ana chingwe cha pabwalo, chimene sichinayanikepo thewera.
Nsanje imene ndinanola chaka chonse inali ya mkazi mnzanga. Iyi inali ina, yolemera, yopanda poitula.
Akaika foni kumanzere amakutchula ndani?
Amanditchula ndi mfunda wawo, mayi.
Nena.
Nachisale.