Dzina la Dailesi

A Lameki a ku Magaleta anali munthu wa mayina akale. Kumudzi aliyense ankazidziwa zimenezi ndipo palibe amene zinkamuvuta. Akati akupita ku Kabula, anthu ankadziwa kuti ndi ku Blantyre. Akati mng'ono wawo anafera ku Sozibele, ndiye ku Harare kumeneko. Neno anakhala boma payekha, maofesi anamangidwa, koma iwo akati "mawa ndili ku boma" munkayenera kufunsitsa, chifukwa mwina akunena ku Mwanza. Pamphambano pamene anyamata amaonera mpira pa kanema, iwo ankati pa Mmwenye, chonsecho mmwenyeyo anatseka sitolo yake amayi a anyamatawo asanabadwe.

"Inu a Lameki, lilime lanulo linatsalira kwa atsamunda," ankatero a Zefaniya, anansi awo.

"Dzina silivunda," iwo ankayankha. "Chimavunda ndi dzungu."

Zinali zoseketsa basi. Mpaka zinafika pa mwana.

Akazi awo anali a Dailesi. Anamwalira mwana wawo Ruth ali ndi pakati. Atabadwa mwana wamkazi, Ruth ndi mwamuna wake Ackim anabwera naye kwa agogo ake kuti amutche dzina. A Lameki anamulandira m'manja, anamuyang'ana pamphumi, nati, "Uyu ndi Dailesi." Kuyambira pamenepo dzina lija linayambanso kumveka pakhomo. Dailesi tuluka m'matopemo. Dailesi usathamangitse anapiye. Mkamwa mwa nkhalamba munabwerera chinthu chimene manda anatenga.

Kenako Ruth nayenso anadwala, osadzukanso. Mwana anali atangoyamba kugweruka mano. Mwambo umati mwana ndi wa kuchikazi, eya, koma kuchikaziko kunatsala ndani? Malume ake Gerishon ali ku Joni, foni yawo siigwira. Nkhalamba yaimuna yokhayokha ingasambitse mwana wamkazi? Ackim anali ndi okala ku Lisungwi, ndipo atanena kuti amutenga mwanayo akayambe sukulu kumeneko, a Lameki anasowa pokanira. Anamumangira tizovala take m'chitenje cha mayi ake, anamuperekeza mpaka pa Mmwenye.

Ku Lisungwi Ackim anakwatira Ethel, mayi wogulitsa kaunjika. Sanali mayi woipa, tisamunamizire. Ankamusambitsa mwanayo, kumuluka tsitsi, kugona naye kuchipatala. Pakuti mwana uja kutsika kumapiri kuno n'kukafika kotentha kuja, anangokhala wodwaladwala. Lero malungo, mawa m'mimba, mpaka nthiti zinayamba kuonekera. Ethel ankapemphera kumpingo wina watsopano, wa m'tenti, ndipo abusa akumeneko atamuona mwanayo anafunsa dzina. Atamva kuti ndi la agogo ake omwalira, anapukusa mutu. Anati dzina la wakufa limakoka, mwini wake akuliitana kumanda. Anamupempherera, anamupatsa lina, Christabel. Mwana n'kuchiradi. Kaya ndi pemphero, kaya ndi mankhwala a kuchipatala amene ankamwa masiku omwewo, angadziwe ndani.

A Lameki anauzidwa, anamva, anangoti, "Ohoo." Koma atapita kukamuona, asanafike n'komwe pakhonde anakuwa kale, "Dailesi!" Mwana anathamanga n'kuwakumbatira m'miyendo. Sabata yotsatira anamugoneka kuchipatala, thupi lili moto.

Ackim anaimba pafoni ya a Zefaniya.

"Bambo, mwana watsala pang'ono kutisiya."

"Ali bwanji tsopano, bambo a Dailesi?"

Ackim anati, "Mwaonatu. Ndi zimenezo. Ine sindikukuletsani kubwera, ndinu agogo ake. Koma dzina limenelo lizitsala ku Magaleta. Likadzamvekanso pakhomo panga, ndiye kuti mwadzitsekera nokha."

A Lameki anabweza foni ija. Padziko lonse lapansi magazi awo amene akanatha kuwagwira ndi dzanja anali kamwana kameneko basi. Ndiye anayamba sukulu paukalamba, kuphunzira dzina latsopano lija. Polima, khasu likagwa, dzina. Pomwetsa mbuzi, dzina.

"Kilisi... Kilisita..."

"Mukuitana ndani kumeneko, achimwene?" a Zefaniya anafunsa ali kuseri kwa mpanda. "Mwapeza mbeta yachizungu eti?"

"Chokani apa inu. Ndikuphunzira."

"Tanenani ndimve."

"Kilisitabelo."

"Ayi ndithu, ngati mukumeza mbatata yotentha. Blantyre inakukanikani zaka zonsezi, ichi ndiye muchitha?"

"Blantyre sindinamubereke pamsana," anatero a Lameki. A Zefaniya sanasekenso.

Manachesi atapsa, anathyola abwino okhaokha, a mtengo wa kuseri kwa khola, anadzaza kathumba. Loweruka m'mawa anavala jekete lawo la kutchalitchi, anakwera kabaza wa njinga yamoto. Msewu wonse wotsetsereka uja, fumbi lili m'maso, iwo milomo ikungogwedera. Woyendetsa ankaganiza kuti nkhalamba ikupemphera chifukwa cha mantha.

Anafika dzuwa litakwera. Ethel anawalandira bwino, anagwada, anawapatsa mpando pakhonde ndi chikho cha thobwa. Ackim anatseka okala n'kubwera. Analonjerana, ndipo a Lameki anasamala, anati "akamwini", osati "bambo a Dailesi". Kenako mwana anatuluka. Anali atatalika, tsitsi lolukidwa bwino, masaya atabwerera. Sanathamange ngati kale. Anayenda pang'onopang'ono, anagwada patali, maso ali kwa Ethel.

Dzina lija limene analinyamula kuchokera kumapiri linakakamira pakhosi. Ndiye anazemba.

"Akazi anga! Mwakula chonchi osandiuza? Mwapeza mwamuna wina kuno eti?"

Mwana anamwetulira, anabisa nkhope. Agogo aamuna amatero ndithu ndi mdzukulu, palibe cholakwa. Anapitiriza choncho. Akazi anga bwerani kuno. Mayi, sukulu ikuyenda? Muli Sabu chiyani tsopano?

"Sitandade, agogo. Sabu n'chiyani?"

Onse anaseka, ndi Ackim yemwe. Koma Ethel anali akumvetsera. Potenga chikho chija anati mwaulemu, "Bambo, mwanayu dzina ali nalo. Mutamutchula kamodzi kuti naye amve, mtima wake ukhale pansi."

A Lameki anayang'ana mwana, anayang'ana pansi.

"Kilisitabelo."

"Wawa, agogo."

Anayankhadi, eti. Msangamsanga, ngati anabadwa nalo. M'chifuwa mwa a Lameki munachita ngati mwagwa mwala, koma Ethel anaomba m'manja, Ackim anapumira m'mwamba, ndipo mwana anasendera n'kudzakhala pafupi ndi mapazi awo. Anaona kuti ngati mtengo wake ndi umenewu, alipira. Ackim anayamba kunena zoti sukulu akatsekera mwina mwana angapite ku Magaleta masiku angapo, akaone kumene anabadwira. A Lameki anangogwedeza mutu, kuopa kuti akatsegula pakamwa aononga.

Anamasula kathumba kaja. Fungo la manachesi linadzaza pakhonde. Ethel anatenga ena kukagawira anansi, Ackim analowa m'nyumba kukayankha foni. Panatsala awiri. Mwana anasenda nachesi lake, anadya kagawo, madzi akutsika m'chigongono. Kenako anatenga khoko, analipinda pakati pa zala, anayang'ana agogo ake mochenjera, n'kuwafinyira m'maso.

Masewera amenewo anali a malemu. A Dailesi aakulu ankawachita zimenezo a Lameki kuyambira ali pachibwenzi mpaka imvi, akawaona akusinza pamkeka. Ruth anatengera kwa mayi ake, mwana anatengera kwa Ruth. Maso anawawa, misozi inatuluka, ndipo a Lameki anaseka kuseka kumene anali asanaseke chiikire maliro.

"Iwe Dailesi iwe! Undipha maso!"

Atapukuta m'maso anaona mwana ataima. Nachesi lili pansi. Analavula chimene chinali mkamwa, anadzigwira pakhosi ndi manja onse awiri.

"Amayi! Anditchula! Anditchula dzina lija!"

"Ayi mwana wanga, taima, ndimati..."

Anatambasula dzanja, mwana anabwerera m'mbuyo mpaka anagunda khoma. Ackim anatuluka foni ili m'manja. Mwana anamugwira malaya.

"Adadi, ndifa? Ndifa ngati amayi aja?"

Ethel anabwera akuthamanga, anamunyamula ngakhale anali wamkulu, analowa naye m'nyumba. Chitseko chinatsekedwa. M'katimo munayamba kumveka pemphero lokuwa, lodzudzula mizimu ya akufa kuti ibwerere kumene yachokera. A Lameki anakhala pampando paja akumva akazi awo, amene anaimba kwaya ya amayi mpaka mawu anatha, akuthamangitsidwa ngati chiwanda.

Ackim sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangoti, "Tiyeni ndikuperekezeni, bambo."

Anayenda mpaka anadutsa msika. A Lameki ndiwo anayamba.

"Linangopulumuka. Mwana anandiseketsa."

"Ndikudziwa."

"Ndaphunzira miyezi yonseyi. Kafunseni a Zefaniya."

"Ndikudziwa, bambo. Koma mwamuona mmene wachitira. Ine ndinaika Ruth m'manda. Sindikufuna kukumbitsanso."

"Ruth ameneyo ndinabala ndine," anatero a Lameki. "Musandiuze za manda ngati ndine mlendo. Ndipo dzina mukuliopalo ndi la munthu amene anakupherani nkhuku tsiku limene munabwera kudzafunsira, nsapato zanu zili zobwereka. Anakulodzani pamenepo? Lero wasanduka mfiti yodya mdzukulu wake?"

Ackim anayang'ana kumbali. "Amayi anali munthu wabwino, sindikukana. Kaya abusa akunena zoona kaya ayi, ine sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'choti mwana akamva dzinalo sagona, sadya. Ndisankhe chiyani ine?"

"Anamuphunzitsa kuliopa ndani? Pochoka kwathu ankaliopa?"

Ackim anaitana kabaza, anamuuza kuti awafikitse bambowa pakhomo penipeni. A Lameki atakwera, iye anati chapansipansi, "Musabwerenso, bambo. Akadzakula adzakufunani yekha."

"Akadzakula adzapeza chulu pamanda anga," anatero a Lameki.

Kumudzi a Zefaniya atawaona nkhope sanafunse. Sukulu anatsekera, anatsegulira, mwana sanabwere. A Lameki anapempha kuti aimbire Ackim, foni inkangolira. Anatumiza uthenga kwa Gerishon kudzera kwa mnyamata wina wopita ku Joni, yankho silinabwere. Koma kuphunzira kuja sanasiye. Anthu odutsa kumunda ankawamva. Tsopano sankakakamira, dzinalo linkatuluka lonse bwinobwino, moti mphunzitsi wina wodutsa anaima n'kuyang'ana uku ndi uku kufuna mwini dzina.

Chaka chinatembenuka. Miyendo ya a Lameki inayamba kutupa, ndipo achipatala cha ku Magaleta anawatumiza kuti akaonedwe ku Lisungwi. Anapita, anapimidwa, analandira mankhwala. Potuluka pageti linali dzuwa la masana, nthawi imene ana amaweruka. Msewu unadzaza mayunifolomu. A Lameki anaima pamthunzi wa mlambe kudikira kuti khamulo lidutse.

Mdzukulu wawo anamuzindikira ndi kayendedwe, kuponya phazi lamanzere kunja ngati Ruth. Anali tsidya lina la msewu pakati pa anzake awiri, akudya malambe, akuseka. Wathanzi ndithu, wonenepa bwino.

Sanafune zambiri. Sanafune kumugwira kapena kumutengera kumudzi. Ankangofuna kuti awaone, amve kuti agogo ake anaphunzira. Anakonza pakhosi, anadikira minibasi idutse.

"Christabel!"

Linatuluka loyera, lopanda chilema, mwina kuposa mmene abusa aja amalitchulira. Mwana anatembenuka akumwetulira, kufunafuna amene wamuitana. Maso ake anadutsa amayi ogulitsa tomato, anadutsa anyamata a kabaza, anafika pa nkhalamba ya jekete pansi pa mlambe.

Kumwetulira kuja kunazima. Anataya malambe, anatseka makutu ndi manja onse awiri, n'kuliyatsa liwiro kulowera kumsika, chikwama chikumumenya pamsana.

Anzake aja anatsala ataima, akuyang'ana a Lameki. Mmodzi, wolimba mtima, anawoloka msewu n'kugwada pang'ono.

"Agogo, mumamudziwa Christabel?"

A Lameki anayang'ana kumene mwana analowera, koma kunali anthu okhaokha ndi fumbi.

"Ayi," anatero. "Ndamufananitsa ndi wina."