Chifuwa cha Malemu

"Makina angawa," Injiniya ankauza kasitomala wina, "ngakhale kulira kwa udzudzu amakugwira, n'kukusandutsa manambala, n'kukubweza kuli konenepa."

Amake Mapasa, amene ankasoka zovala kuseri kwa chipupa cha matabwa, anamva zonsezo nangoluma ulusi. Injiniya anali mlamu wawo, mng'ono wa malemu amuna awo, ndipo uinjiniyawo anachita kudzipatsa yekha. Ntchito yake inali yokonza mawailesi, koma mtima unali pa sinthesaiza, chipangizo chosinthira mawu, imene anailumikiza yekha: timabokosi khumi ndi tiwiri, mawaya ofiira ndi achikasu ali lendelende.

Pamaliro, zaka zinayi zapitazo, iye anatenga kaseti imodzi yokhayo imene munali mawu a malemu akuimba uku akukonza njinga, nalonjeza kuti awapulumutsa tepi isanathe. Chiyambire pamenepo yankho linali "mawa, alamu."

Tsikuli Amake Mapasa analowa mu shopumo singano ili pabulauzi.

"Alamu, udzudzu mwathana nawo. Nanga akulu anu?"

Kasitomala anaseka. Wometa wa khomo lotsatira anasuzumira, lumo lili m'manja. Injiniya anasowa kothawira.

"Ndinamaliza kalekale. Kaseti ija inaduka, koma mawu ali muno." Anagogoda kabokosi kakuda. "Aka kanawadula tizidutswa zikwizikwi pa sekondi, kalikonse ndi nambala yake. Mawaya awa amasefa. Aka kamawabweza ku sipika."

Anadina batani. Munatuluka mawu osalala bwino, ngati a wowerenga nkhani pa wailesi.

"Ameneyu ndani?" anafunsa Amake Mapasa.

"Achimwene. Zinyalala zonse ndachotsa: phokoso la tepi, kulira kwa sipanala, chifuwa chija..."

"Chifuwa mwachotsa?" Amake Mapasa anakhala pa wailesi ya eni. "Munthu wandikhosomolera zaka makumi awiri. Ndinkamudziwira chomwecho ali pageti, ine n'kuikiratu madzi pamoto. Uyu ndi mwamuna wa eni, alamu. Wanga ali kuti? Mwamutaya?"

Injiniya anayang'ana mawaya ake, ntchito ya miyezi yambiri imene ankadzitama nayo kwa aliyense wobwera ndi wailesi.

"Manambala oyamba sindinawakhudze," anatero chapansipansi.

Anazula waya wofiira, phokoso la tepi n'kubwerera. Anazula wachikasu, sipanala ija n'kumvekanso ikugwa pa simenti. Wachitatu anaugwira kanthawi, ngati akutsanzikana nawo, kenaka anauzula.

Malemu anayamba nyimbo molakwika, anaima, nakhosomola kawiri, kachiwiriko kotalika kokhala ndi kamluzu kumapeto.

Wometa anatsitsa lumo. Amake Mapasa anali atatembenukira kale kukhomo, ndipo anakhala choncho mpaka nyimbo inatha.

"Mwamva nonse," anatero osacheuka. "Wandibwezera. Tsopano, alamu, manja kumbuyo. Wometa, wodina batanilo ndinu, timumvenso."