Kompyuta ya Ulemu ya a Mailosi

Ofesi ya kalabu ya alimi a thonje pa Ngabu inali ndi makalaliki awiri ndi makompyuta awiri okalamba, ogulidwa tsiku limodzi, onse okhuta fumbi. A Mailosi anali atagwirapo ntchito zaka khumi ndi zisanu. Febbie anali atagwirapo chaka chimodzi chokha.

Tsiku lina kunabwera Elvis, katswiri wochokera ku Blantyre, atanyamula sisitimu yatsopano, ija imayendetsa kompyuta yonse. Anati nthawi ili yoika pa makina amodzi basi. Komiti sinavutike n'kuganiza komwe, poti chatsopano amayamba kulawa ndi wamkulu. A Mailosi nawo anadzimva kukoma, mpaka kumupatsa Elvis mpando wawo. Ya Febbie inatsala ndi sisitimu yakale.

Kuyambira pamenepo kompyuta ya a Mailosi inasanduka nkhalamba yosenzetsedwa thumba la mapira. Akaiyatsa inkangolira m'kati, kuisiya apite kukamwa madzi, pobwera ili pomwepo. Anadziwa msanga kuti makinawo alemedwa, koma munthu ungauze bwanji anzako kuti ulemu anakupatsa uja ndi wowola? Anangolimbana nayo okha.

Kenaka komiti inagamula kuti patsale kalaliki mmodzi. Kuti pasakhale kukondera, ati, aliyense atayipe mayina makumi atatu a alimi a kwa Maseya, iwo akuonerera.

Febbie atayatsa, yake inadzuka pomwepo. Anafika dzina la khumi a Mailosi akudikirabe, thukuta lili kamukamu, zala zili chire pamabatani. Zala zomwezo ndi zimene zinaphunzitsa Febbie kutayipa! Zinawapweteka mumtima koopsa.

"Apampando, vuto si ine," anatero a Mailosi. "Makinawa ngakale, sangasenze zatsopanozi. Tisinthane, muone."

A Sebastiano, apampandowo, anapukusa mutu ndi chisoni chonamizira. "Akulu, musatichititse manyazi. Inu tinakupatsani yatsopano, mwanayu tinamusiyira yachikale, ndiye mukufunanso chiyani? Kukula sikupanganika, ingovomerani."

A Mailosi anacheukira kwa Febbie, amene tsiku ndi tsiku ankawabwereka kompyuta yake ntchito ikathina.

"Mwanawe, iwe ukudziwa. Tawauza."

Mtsikanayo, mayi wa ana awiri wopanda mwamuna, sanadzutse mutu.

"Nkhabe, baba, ayi. Za makina ine sindidziwa."

A Sebastiano anatambasula dzanja mwaulemu wonse, kupempha a Mailosi makiyi a ofesi.